Madzi Afewa, Pakhomo Pati Zii

Lolemba la sabata yatha sopo anachita thovu m'nyumba mwanga. Thovu lenileni, loyera, lokwera mpaka m'zigongono.

Ndikudziwa kuti ena mwaseka kale. Inu a m'tauni, amene mumangopotokola mpopi madzi ochokera kuphiri n'kutuluka, mukuti nkhalambayi yasowa cholemba sabata ino. Tadikirani pang'ono. Ndakhala kuno kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa zaka zoposa makumi atatu, ndipo thovu lotere, la madzi a pakhomo panga, ndinali ndisanalionepo.

Madzi athu kuno ndi olemera. Ukawatunga amaoneka bwinobwino, oyera mbee, moti mlendo amamwa osakayika. Vuto limayamba ukafuna kuwagwiritsa ntchito. Ukapaka sopo, m'malo mwa thovu pamayandama zinthu zotuwa ngati mkaka wosasa. Umapakanso, n'kupakanso, sopo n'kuthera m'manja chovala chisanayere. Malaya oyera amafiirira. Thaulo likauma limangoti gwa ngati chikopa cha mbuzi. Ukasamba thupi limatuwa ndi kuyabwa. M'ketulo mumamera makoko oyera onga choko, ukawapala lero, sabata yamawa abwereranso.

Nanga nyemba? Nyemba zophikira madzi a kuno ungathe nazo mtolo wa nkhuni zikadali ngati timiyala.

Koma ndiulule. Zonsezi ine ndazidziwa mochedwa, imvi zili mbuu.

Zaka zonse zimene ndinkaphunzitsa kupulayimale, malaya anga ankayera, tiyi ankakoma, nyemba zinkapsa. Ndinkangoti ndi mmene zinthu zimakhalira. Mkazi wanga Agnesi atamwalira chaka chatha, maliro atatha, abale atabalalika, ndinatereka nyemba ndekha koyamba m'moyo wanga. Ndinatereka m'mawa. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka, nyemba osapsa. Tsiku la msika ndinakwera njinga yamoto mpaka ku Songani kukakalipira mayi amene anandigulitsa, kuti anandinamiza n'kundipatsa nyemba zakalekale. Mayiyo anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anandifunsa modekha kuti ndinaphikira madzi ati. Ndinayankha kuti madzi ndi madzi. Amayi ogulitsa tomato pambali pake anayang'anana, mmodzi n'kubisa nkhope m'chitenje.

Amene anadzandimasulira ndi Abiti Saidi. Amenewa ndi mayi wachisilamu wokhala nyumba yachinayi kuchokera kwathu, mkazi wa Che Bwanali msodzi, ndipo anali mnzake wa Agnesi kuyambira tsiku limene tinafika m'mudzi muno. Iwo ndi amene anandiuza kuti m'nyumba mwanga munkakhala madzi amitundu itatu. A pamjigo anali otsukira mbale ndi okolopera. A mvula, osungidwa mumgolo kuseri kwa nyumba, anali a malaya anga oyera a kusukulu. Ndipo a tiyi ndi a nyemba ankachokera kutali, pakachitsime kofukula mumchenga cha kumtsinje wa Likangala. Agnesi ndi Abiti Saidi ankapita limodzi katatu pasabata, ulendo wa ola lathunthu kupita ndi kubwera.

Zaka makumi atatu. Ine ndinkangonyamula kapu n'kumwa, n'kumauza ana a eni m'kalasi kuti madzi alibe mtundu, alibe fungo, alibe kukoma.

Akuluakulu anati chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa. Sananame.

Kuyambira pamenepo Abiti Saidi anayamba kundibweretsera ndowa imodzi ya madzi a ku Likangala. Sindinawapemphe. Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka, cha m'ma seveni, ndinkamva odi. Ankatula ndowa, kukhuthulira mumtsuko, n'kukhala pakhonde kuti thukuta liume. Pamenepo ndinkamva za dziko: kuti nyanja yabwerera m'mbuyo chaka chino, kuti matemba achepa, kuti mbalame zavuta mumpunga kusikimu, kuti mwana wa uje amene ndinamuphunzitsa Sitandade 5 wakwatiwa kuchilumba cha Chisi. Nanenso ndinkawauza zimene ndamva pawailesi. Sizinkapitirira mphindi khumi ndi zisanu. Kenaka ankaika nkhata mundowa n'kutsanzika.

Mwana wanga wamkazi Linesi ndi namwino ku Blantyre. Anabwera mwezi watha kudzagona masiku awiri. Anaona manja anga otuwa, anasuzumira m'ketulo, anagwira thaulo. M'mawa wa Loweruka ataona mayi wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi akutsika ndi ndowa pamutu, mitsempha ya m'khosi itaima, nkhope yake inasintha. Abiti Saidi atapita anati:

"Adadi, izi si zoona. Mayi wamkulu chonchi azikusenzerani madzi ife tilipo? Khosi limenelija likadzavulala tidzanena chiyani?"

Ankanena zoona.

Pakhomo panga pali chitsime, pampu ya sola ndi thanki pamwamba. Ana anaika zimenezi mayi awo akudwala kuti madzi azifika m'nyumba. Madzi ankafikadi, koma omwe aja olemera. Ndiye Linesi atabwerera anafufuza, n'kutumiza makina ofewetsa madzi pamodzi ndi pulambala, mmisiri wa mapaipi, wochokera ku Zomba.

Pulambalayo, bambo wa ndevu zoyamba imvi, anafika Lolemba masana atamangirira chinthucho kumbuyo kwa njinga yamoto. Maonekedwe ake ndi ngati botolo la gasi lalitali, labuluu, ndi kachidebe ka mchere pambali. Akudula paipi yochokera kuthanki anandifotokozera, ndipo ine wozolowera kuphunzitsa ndinakhala mwana wasukulu. Anati pansi pa dothi lathu pali miyala yokhala ndi zinthu zonga njereza, ndipo madzi akamadutsa amasungunula zinthuzo n'kuyenda nazo. N'zimene zimapha thovu la sopo, n'zimene zimamata m'ketulo ndi kutseka mapaipi, n'zimenenso zimaumitsa khungu la nyemba. M'kati mwa botololo muli timikanda tating'onoting'ono timene timagwira njerezayo madzi akamadutsa. Timikandato tikakhuta, umatitsuka ndi madzi a mchere, mchere wamiyala womwewu wa pamsika, n'kuyambanso kugwira ntchito.

Ndinamukonda munthuyu chifukwa sanakometse malonda. Anandichenjeza kuti makinawa sapha tizilombo, choncho madzi akumwa ndiziwiritsabe kapena kuthira mankhwala. Anatinso sachotsa mchere. Mijigo ya kufupi kwenikweni ndi nyanja, kumene madzi amachita kuwawa pakamwa, makina ngati awa sangaithandize. Ine ndinachita mwayi kuti chitsime changa chili chakumtunda, njereza ndi yambiri kuposa mchere. Anawonjeza kuti munthu wodwala kuthamanga kwa magazi ayambe wafunsa kuchipatala asanazolowere kumwa madziwa, chifukwa amatenga kamchere pang'ono.

Atamaliza anatenga mabotolo awiri. M'limodzi anathira madzi akale, m'linalo atsopano, n'kudonthezera sopo pang'ono monsemo, n'kukhutchumula. Loyamba linangochita mbuu. Lachiwiri linadzaza thovu mpaka kukamwa.

Musandimve molakwa, owerenga. Makinawa ndi abwino. Lachiwiri ndinachapa zofunda zonse ndi kachidutswa ka sopo kamene kale sikakanakwanira malaya awiri. Ndinasamba, thupi osayabwa. Ndinatereka nyemba cha m'ma naini, pofika twelofu zinali zitapsa. Ndinadya ndekha, koma ndinadya nyemba zakupsa. Amene muli ndi thanki pakhomo ndipo madzi anu ndi olemera, funsani za makinawa, simudzanong'oneza bondo.

Lachitatu cha m'ma seveni ndinamva odi.

Ndinathamanga ngati mwana amene wagulidwa nsapato. Abiti Saidi asanatule n'komwe ndowa ndinali nditayamba kale kufotokoza za timikanda ndi njereza. Ndinawatengera kumpopi, ndinatsegula, ndinapaka sopo m'beseni. Thovu linakwera. Anaviika dzanja, natikita zala pang'onopang'ono, akuyang'ana m'besenimo. Pamenepo ndi pamene ndinanena mawu aja, ndi mtima wabwino ndithu, ndikumwetulira:

"Ndiye Abiti, musadzavutikenso. Mwapuma tsopano."

"Zili bwino, Aphunzitsi," anatero. "Mwana wanu waganiza bwino."

Anakhuthulirabe madzi aja mumtsuko, poti anali atafika kale. Pakhonde sanakhale. Anati asiya mpunga padzuwa, nkhuku zingathe.

Loweruka ndinadzuka, ndinasesa pakhonde, ndinatereka tiyi. Seveni inakwana, eyiti inakwana. Ndinadziseka ndekha: ukudikira chiyani, suja unawauza wekha? Lamulungu kutchalitchi ndinapatsana moni ndi anthu, mwadzuka bwanji, tadzuka bwino kaya inu, aliyense n'kulowera kwake. Lolemba zii. Lachiwiri zii. Lachitatu masana Linesi anaimba foni kufunsa za makina, ndipo poyankha mawu anga anatuluka osasa, moti anafunsa ngati ndili ndi chimfine. Ndinalibe chimfine. Kungoti kuyambira Lamulungu ndinali ndisanatsegule pakamwa, kupatula pothamangitsa nkhuku.

Ndinamuuza kuti makina akuyenda bwino kwambiri. Anakondwa. Anali pantchito, odwala akumudikira, tinadula.

Tsopano ndifunse, pali amene analakwa apa? Linesi sanalakwe. Pulambala sanalakwe. Khosi la Abiti Saidi liyenera kupuma, ndipo ndikanakhala munthu woipa kufuna kuti mayi wamkulu azisenza ndowa kuti ine ndipeze wocheza naye.

Ndipo asanandinene wina kuti ndikulira ndili pabwino, ndikudziwa kuti m'mudzi muno ndine ndekha amene ndili ndi botolo labuluu. Amayi ena onse m'mawa uno apita ku Likangala monga mwa masiku onse. Amadutsa mijigo iwiri panjira. Umodzi anausiya kalekale, pamera udzu, chifukwa madzi ake ngakhale mbuzi zimanunkhiza n'kutembenuka. Tsiku lotsegulira mjigowo kunali nyimbo ndi zolankhula zambiri. Kodi analipo amene anatenga sopo n'kupaka asanaombe m'manja? Analipo amene anafunsa amayi ngati madzi amenewa angaphikire nyemba? Pamapepala mudzi uno uli ndi madzi. Pamitu pa amayi nkhani ndi ina. Ngati kabotolo kamodzi kakutha kufewetsa madzi a nyumba imodzi, palibe njira yoti zoterezi ziganiziridwe pamjigo wa mudzi wonse, kapena pachipatala chaching'ono, kapena pasukulu? Ine sindine katswiri. Ndikungofunsa, poti ophika ndi ochapa safunsidwa.

Koma chimene chandisautsa sabata ino ndi china, ndipo chikukhudza inu ana athu amene muli m'matauni ndi ku Joni.

Mumatikonda, sitikana. Mukabwera mumaona chimene chikutivuta, mukabwerera mumatumiza chothetsa vutolo. Mdima, mwatumiza sola. Kutali ndi msika, mwatumiza ndalama pafoni. Madzi olemera, mwatumiza makina. Chilichonse chimagwira ntchito yake. Chimene simuona, chifukwa mumagona masiku awiri okha, n'chakuti kumudzi vuto lililonse limabwera ndi munthu wake. Wopempha moto. Wobwereka mpando wa alendo. Wodzatchajitsa foni. Wobweretsa madzi. Vuto likachoka, munthu uja amasowa chobwerera.

Pajatu ife sitidziwa kungopita kwa munthu popanda chifukwa. Ukafika pakhomo pa mnzako, moni ukatha, amakuyang'ana kudikira kuti unene chimene wadzera. Amayi ali ndi mjigo, ali ndi chigayo, ali ndi njira ya kumtsinje. Asodzi ali ndi doko. Nanga bambo wopuma pantchito, wobwera kuchokera kwina, amene mkazi wake ndiye ankadziwa makomo onse, ali ndi chiyani? Ine anthu a m'mudzi muno amandilemekeza. Amandivulira chipewa, amatsika panjinga. Ulemu umenewu ndi mpanda wabwino kwambiri, palibe amaudumpha.

Dzulo, Loweruka lachiwiri lopanda odi, ndinavala nsapato n'kupita ndekha. Nyumba yachinayi yokha, koma ndinazindikira panjira kuti chimwalirire Agnesi ndinali ndisanapondeko.

Ndinapeza Abiti Saidi akupeta mpunga, Che Bwanali ali pamkeka akusoka ukonde, nkhope ataiyandikiza kwambiri poti maso anayamba kuwavuta. Anadabwa, anandiyalira mkeka wina. Ndinanama kuti ndimangodutsa. Tinakamba za nyanja, za mphepo, za mtengo wa mchere. Ndinafunsa za khosi, anati lapepukako, akugona bwino masiku ano. Ndinati ndakondwa, ndipo ndinakondwadi. Kenaka nkhani zinatha, ine osanyamuka.

Abiti Saidi anaika lichero pansi.

"Aphunzitsi, ndikuuzeni. Anzanga aja, akazi anu, ali kuchipatala anandigwira dzanja. Anati muziwaona abambowo, saitana munthu ngakhale zitavuta. Ndinavomera. Koma ndikanabwera bwanji chimanjamanja? Mkazi wa mwini kumalowa pakhomo pa bambo wokhala yekha, mudzi wake uno? Ndi ndowa pamutu palibe amafunsa."

Ndinayang'ana ukonde. Ndinaganiza za mayi wodwala amene, mpweya ukumuthera, ankakonzabe za m'nyumba mwake, monga ankachitira ndi madzi aja, mwakachetechete, ine osadziwa.

Che Bwanali anapitiriza kusoka ngati sanamve. Patapita kanthawi anadula ulusi ndi mano, n'kunena osadzutsa mutu kuti mkanjo wawo wa kumzikiti wafiira moti anzawo ayamba kuwaseka, akuti ukufanana ndi thanga la bwato.

"Makina anuwo, Aphunzitsi, amalola za Asilamu?"

Ndinaseka, koyamba m'masiku ambiri. Ndinati pulambala sanandiuze za mpingo wake.

Ndiye tinagwirizana. Lachinayi lililonse Abiti Saidi azibwera kudzachapa mkanjo ndi mipango yoyera, kuti ziume Lachisanu lisanafike. Che Bwanali anati aziwaperekeza, poti beseni ndi lolemera, ngakhale tonse tikudziwa amene adzalisenze. Kale kunali katatu pasabata, tsopano kamodzi. Sindikudandaula. Kuchapa kumatenga nthawi yaitali kuposa kukhuthula ndowa.

Linesi sindinamuuze zonsezi. Aziwerenga muno ngati inu nonse, ndipo mwana wanga, usadzimve mlandu. Makina asachoke.

Koma inu amene mwezi uno mukumanga katundu wotumiza kwa bambo kapena mayi amene anatsala okha kumudzi, tumizani ndithu. Kungoti musanakweze pabasi, imbani foni mufunse funso limodzi: ntchito imene chinthuchi chikukagwira, pano akuigwira ndani? Ndipo iyeyo akasiya kubwera, pakhomopo adzanena odi ndani?

Ine lero pochokera kutchalitchi ndagula chingwe chatsopano choyanikira zovala, ndachimanga kuchokera pamtengo wa mango mpaka pakona ya khonde. Ndachikoka kawiri kuona ngati chalimba. Kuti Lachinayi lifike kwatsala masiku anayi.